UFULU WA DZIKO NDI UFULU WA MUNTHU: MMENE TINAUPEZERA

Wolemba: Mlembi wa Mvano

Amai anzathu, pamene tikukondwerera chikumbutso cha bungwe lathu, a komiti ya magazini anatipempha kuti tilembeko mbiri ya ufulu wathu monga nzika za dziko lino. Kapena ena afunsa kuti, kodi za malamulo zikudzatani m'buku la amai? Tiyankhe motere: ndife timagona pasiwa mnzathu akaferedwa mwamuna, ndife timaona katundu akukwezedwa pa galimoto manda asanaume, ndiponso ndife timasenza chakudya kupita nacho kupolisi mwana akagwidwa. Tsono nkhani imeneyi ndi yathu ndithu. Sitinapite patali ndi sukulu, koma zambiri mwa izi tinaziona ndi maso, ndipo zina tinazimva kwa amai athu.

Ufulu ulipo wa mitundu iŵiri, ndipo kaŵirikaŵiri timausokoneza. Woyamba ndi wa dziko, wakuti dziko lidzilamulire lokha. Umenewu tinaulandira pa 6 July 1964. Wachiŵiri ndi wa munthu payekha, wakuti ngakhale boma lenilenilo lisamgwire popanda chifukwa, lisamlande chake, lisamtseke pakamwa. Umenewu unachedwa zaka 30, ndipo mbali yake yokhudza mkazi wamasiye inachedwanso kuposa pamenepo.

CHAKA CHA 1959

Pa 3 March 1959, kusanache, Gavanala Sir Robert Armitage analamula kuti atsogoleri a Nyasaland African Congress agwidwe. Iwo ndiwo ankakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo Dr. Kamuzu Banda anapita naye ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Ku Nkhata Bay asilikari anaombera khamu limene linasonkhana padoko pokana kuti abale ao atengedwe pa sitima ya Mpasa, ndipo anthu osachepera 20 anafa. Ndicho chifukwa chake tsikuli timalikumbukira chaka ndi chaka.

Amai sanatsale. Mai Rose Chibambo, mtsogoleri wa amai mu Congress, anagwidwa patangopita masiku ochepa atachira, napita ku ndende ya Zomba ali ndi khanda kumanja. Ndi mai yemweyo amene nkhope yake timaiona pa ndalama ya K200. Boma la Britain linatumiza woŵeruza milandu, Patrick Devlin, kudzafufuza, ndipo iye sanapeze umboni wa chiŵembu chopha azungu monga momwe boma linkanenera.

Apa tizindikire chinthu chimodzi. Makolo athu sankadana ndi khungu la mzungu chabe ai. Ankadana ndi thangata, ndi kugogodedwa usiku, ndi kutsekeredwa popanda kumva mlandu wako. Ankayembekeza kuti mbendera ikasintha, zimenezi zitheranso pomwepo.

Chisankho chachikulu choyamba chinachitika mu August 1961, koma sikuti aliyense anaponya voti. Panali zoyenereza za maphunziro ndi za chuma, kotero kuti amai ambiri akumudzi anatsala kunja. Malamulo aakulu amene tinalandira nao ufulu mu 1964 anali ndi mutu wonena za ufulu wa munthu aliyense. Koma mu September chaka chomwecho kunabuka kusamvana pakati pa Dr. Banda ndi nduna zake. Ena anachotsedwa, ena anatula pansi udindo, ndipo ambiri anathaŵira kunja, pamodzi ndi Mai Chibambo ndi a Orton Chirwa. Mu 1966 dziko linasanduka Ripabuliki ya chipani chimodzi, ndipo mutu uja unachotsedwa m'malamulo. Mu 1971 Dr. Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya.

PANSI PA NKHOSWE

Amene tinalipo masiku amenewo tikumbuka kuti Ngwazi ankatitcha mbumba yake, iye nadzitcha Nkhoswe Nambala Wani. Sitinganene kuti mau amenewo anali opanda pake. Amuna ena ankaopa kumenya akazi ao podziŵa kuti nkhani ikamveka kuchipani aona zakuda, ndipo atsikana ankalimbikitsidwa kupita kusukulu. Koma ife a kumudzi nkhoswe timamdziŵa. Amakutchinjiriza kwa mlendo, amakuyankhulira pa bwalo. Nanga akakulakwira iye mwini, ukadandaula kwa yani? Chitetezo chimene tinali nacho chinali cha mumtima mwa munthu mmodzi. Sichinalembedwe pena paliponse pakuti mai nkupita nacho kukhoti.

Lamulo losungitsa bata linapatsa boma mphamvu yotsekera munthu popanda kumtengera kukhoti, kwa nthaŵi imene boma lafuna. Ndende za Mikuyu ku Zomba ndi Dzeleka ku Dowa zinadziŵika chifukwa cha zimenezi. A Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Lamulo lina la 1966 linalola boma kulanda nyumba, sitolo kapena galimoto ya munthu amene lamganizira zoipa. Ozunzika mwakachetechete anali akazi ndi ana otsala pakhomo, amene anansi ankaopa ngakhale kuwapatsa moni.

Khadi ya chipani ndiyo inali chiphaso choloŵera mumsika ndi chokwerera basi. A Mboni za Yehova anakana kuigula chifukwa cha chikhulupiriro chao. Mpingo wao unaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwi zambiri anathaŵira ku Zambia ndi ku Mozambique atamenyedwa ndi kutenthedwa nyumba. Timasiyana nao pa chiphunzitso, koma zimene anachitiridwa zinali nkhanza, ndipo ufulu wa kupembedza umene iwo anamanidwa ndi womwewo umene ife timasonkhanira nao Lachinai lililonse. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993.

Koma nkhani imene ingatiphunzitse kwambiri ndi ya makhoti a mafumu. Mu 1969, pa nthaŵi imene anthu ankaphedwa usiku ku Chilobwe mu Blantyre, makhoti ameneŵa anapatsidwa mphamvu yozenga milandu ikuluikulu, ngakhale yopereka chilango cha imfa. Mmenemo loya sankaloledwa. Pa 24 December 1981 a Orton Chirwa, amene anali nduna yoyamba ya zamalamulo, anagwidwa pamodzi ndi akazi ao Mai Vera Chirwa, mkazi woyamba wa m'Malaŵi kukhala loya. Iwo ananena kuti anachita kubedwa m'dziko la Zambia. Boma linati anagwidwa ataloŵa kale m'Malaŵi. Mu May 1983 khoti la mafumu la chigawo cha kummwera linawagamula kuti aphedwe pa mlandu woukira boma. Sanaloledwe loya wowaimira, ndipo mboni zimene anafuna kuitana zinakanidwa. Mpingo wa ku Scotland ndi maiko ena atapempha chifundo, mu 1984 chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton anamwalirira m'ndende ya Zomba mu October 1992. Mai Vera anatuluka pa 24 January 1993, atakhalamo zaka zoposa 11, ndipo atatuluka anayamba ntchito yophunzitsa anthu wamba za ufulu wao.

Taganizani, amai. Aŵa anali maloya aŵiri, odziŵa malamulo kuposa ife tonse titaphatikizana, koma nzeru zaozo sizinawapulumutse chifukwa ufuluwo munalibe m'malamulo. Lero zinatembenuka: ufulu ulimo, chosoŵa ndi oudziŵa.

KALATA, NYALE NDI TAMBALA

Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munaŵerengedwa kalata ya maepiskopi. Inanena poyera za malipiro ochepa, za kusoŵa kwa mankhwala ndi mabuku, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Boma linati kupezeka nayo ndi mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Pa 6 April a Chakufwa Chihana anagwidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe atabwera kudzanena za zipani zambiri. Atsogoleri a CCAP nawonso analembera Pulezidenti, ndipo chaka chomwecho mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda anapanga Public Affairs Committee kuti akambirane ndi boma.

Riferendamu inachitika pa 14 June 1993. Ofuna zipani zambiri anasankha nyale, ofuna chipani chimodzi anasankha tambala wakuda. Nyale inapambana ndi mavoti oposa 63 pa 100 alionse. Chaka chomwecho lamulo la 1973 loletsa amai kuvala buluku ndi diresi yosafika m'maondo linafafanizidwa, ndipo makhoti aakulu a mafumu aja anaimitsidwa. Chisankho cha pa 17 May 1994 chinayendetsedwa ndi bungwe limene wapampando wake anali mkazi, Justice Anastasia Msosa, amene pambuyo pake, mu 2013, anadzakhala mkulu wa oŵeruza onse. A Bakili Muluzi anapambana, Dr. Banda anavomera, ndipo m'maŵa mwa tsiku la chisankholo malamulo aakulu atsopano anayamba kugwira ntchito. Anakhazikitsidwa kotheratu mu 1995.

Za mabuluku tinenepo pang'ono. Ambiri a ife sitivala, ndipo ana athu timawalangiza za kavalidwe. Koma mu January 2012, pamene anyamata ena ogulitsa malonda anayamba kuvula amai mabuluku m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre, olakwira lamulo anali anyamatawo, osati amaiwo. Kulangiza ndi kwina, kuvula munthu pagulu ndi kwina.

MWANA AKAGWIDWA

Mutu 4 wa malamulo aakuluŵa ndiwo unabweza chimene chinachotsedwa mu 1966. Muli zambiri: ufulu wa moyo, wa kupembedza, wa kuyankhula, wa kusonkhana, wa kukhala ndi chuma. Ife tisankhemo ndime 42, pakuti ndiyo mankhwala a matenda a 1959 ndi a ku Mikuyu aja.

Ndimeyi ikuti munthu akagwidwa auzidwe chifukwa chake msanga, m'chiyankhulo chimene iye amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asaumirizidwe kuvomera mlandu. Ali ndi ufulu woonana ndi loya, ndiponso wochezeredwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, mbale, dokotala kapena mbusa. Chachikulu ndi ichi: apite naye kukhoti asanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, apite naye tsiku loyamba limene khoti latsegula. Munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Amai ambiri agulitsa mbuzi chifukwa chosadziŵa zimenezi. Ndiponso mlandu ndi wa mwini wake: mwamuna akathaŵa, palibe lamulo lakuti mkazi kapena mai wake atsekeredwe m'malo mwake.

Wina anganene kuti izi nza papepala. Tamvani za a Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre. Mu 2015 anagwidwa mbandakucha akupita kumsika ku Limbe, pa mlandu uja timautcha vakabu, lamulo la nthaŵi ya atsamunda lolola kugwira munthu chifukwa chongomkaikira kuti akuyenda ndi cholinga choipa. Iye sanangolipira chindapusa nkubwerera kwao ai. Anakatsutsa lamulolo ku Khoti Lalikulu, ndipo mu January 2017 oŵeruza anagamula kuti mbali imeneyo ya lamulo ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Amai onse olaŵirira kukapikula matimati ndi usipa anapindula ndi mlandu wa munthu mmodzi wogulitsa majumbo.

CHUMA CHA MASIYE

Tsopano tifike pamene pali bala lathu lenileni.

Kale kumudzi chuma cha munthu chinali khasu, nkhwangwa, mbuzi zingapo ndi munda. Kwa ife a chikamwini, mwamuna akamwalira, abale ake ankatenga zida zake, mkazi nkutsala pamudzi pake ndi ana ndi munda wake, ndipo atsibweni ndiwo ankayang'anira anawo. Kwa a chitengwa ndi a lobola, mkazi ankatsala m'manja mwa abale a mwamuna, amene anali ndi udindo womsamala. Mwambowo unali ndi zoŵaŵa zake, koma wotenga chuma ankatenganso udindo. Zinthu zinasokonekera pamene kunabwera ntchito za m'tauni, nyumba za malata, penshoni ndi mabuku a kubanki. Anthu anasunga mbali yotenga, naiŵala mbali yolera.

Lamulo la chuma cha masiye la 1967 silinathandize kwenikweni. Mwamuna akafa osalemba wilo, chuma chinkagaŵidwa motere: ngati ukwati unali wa m'maboma a kumpoto kapena ku Nsanje, theka linkapita kwa mkazi, ana ndi ena odalira malemuyo, theka lina kwa abale olandira mwa mwambo. M'maboma ena onse, pa magawo 5 alionse, mkazi ndi ana ankalandira 2, abale 3. Taŵerengerani nokha. Mai wa ana 6, amene anaumba njerwa pamodzi ndi mwamuna wake, ankalandira chochepa kuposa alamu ake amene sanasenzepo ngakhale ndowa imodzi ya madzi. Ndipo abale ambiri sankadikira ngakhale kugaŵako. M'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inatha amuna ndi akazi a pakati pa moyo, tinaona zomvetsa chisoni: makiyi a nyumba akulandidwa mtembo uli m'nyumba momwemo, wailesi, mipando, mabulangete, mpaka miphika, mai nkubwerera kwao ndi ana ndi kathumba ka zovala. Ena ankanenedwanso kuti ndiwo apha mwamunayo, kuti achite manyazi asayankhule.

Ndime 24 ya malamulo aakulu a 1994 inanena momveka kuti mkazi ndi wofanana ndi mwamuna pamaso pa lamulo, kaya ndi wokwatiwa kaya ai. Angathe kukhala ndi chuma m'dzina lake, angathe kuchita mapangano a malonda, ndipo ukwati ukatha ayenera kugaŵiridwa mwachilungamo chuma chimene anapeza pamodzi. Ndime yomweyo inalamula kuti pakhale malamulo othetsa miyambo yolanda akazi chuma, kuphatikizapo cha masiye. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inaonjeza mau akuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Koma kagaŵidwe ka 1967 kaja kanakhalabe mpaka 2011. Ndiye kuti kuchokera pa ufulu wa dziko kufika pa ufulu wa mkazi wamasiye panapita zaka 47.

Lamulo la 2011 ndilo likugwira ntchito tsopano, ndipo mai aliyense aligwire pamtima. Munthu akamwalira osalemba wilo, chuma chake ndi cha banja lake lenileni, ndiye kuti mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, pamodzi ndi amene ankadaliradi malemuyo, monga makolo okalamba. Abale ena onse amabwera pokhapokha ngati ameneŵa palibe. Katundu wa m'nyumba, monga mipando, mabedi ndi ziŵiya, ndi wa wotsalayo. Mwana wamkazi ndi wamwamuna alandira mofanana. Apa pali mau oŵaŵa kwa ena a ife, koma tiwanene: mwana wobadwira kunja kwa ukwati nayenso ndi mwana pamaso pa lamulo, ndipo ali ndi gawo lake. Mai akakwatiwanso salandidwa chimene analandira, kupatula chuma cha pa malo a mafumu, chimene chimapita kwa ana a malemuyo. Ndipo wotenga chuma cha masiye popanda chilolezo angathe kulipitsidwa chindapusa, kulamulidwa kubweza, ndi kukhala kundende mpaka zaka 10.

Malamulo ena anabwera m'zaka zomwezi. La 2006 limalola mai wozunzidwa m'banja kukapempha kwa majisitireti chikalata choletsa womzunzayo kumyandikira. La maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kutchalitchi, wa kwa ankhoswe ndi wa kwa a DC, ndipo linaika zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati. Mu 2017 malamulo aakulu anasinthidwa kuti ngakhale makolo atavomera, mwana wosafika zaka 18 asakwatiwe.

Nanga nchifukwa ninji katundu akukwezedwabe pa galimoto? Ife tikuona kuti chifukwa chachikulu ndi nthaŵi imene kulandako kumachitikira. Mai ali pamphasa, wafunda kumutu, mwambo sumlola kukweza mau, ndipo akuopa kunenedwa kuti akulira chuma osati mwamuna. Pa ola limenelo iye sangadziyankhulire. Amene angayankhule ndi amene akhala naye pafupi. Mai wachikulire mmodzi wonena mwaulemu kwa eni mbumba kuti, "Akuluakulu, katundu asatuluke mpaka nkhani ifike kwa a DC, lamulo likutero," amaletsa zambiri, pakuti olanda ambiri amadalira kuti palibe wodziŵa. Zikakanika, kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, yotchedwa Victim Support Unit. Kwa a DC ndi kwa Administrator General amathandiza za kagaŵidwe, ndipo a Legal Aid Bureau amapereka loya kwa munthu wosoŵa ndalama. Sitikunamizani kuti njirayo ndi yaifupi. Maofesi ali kutali, mayendedwe ndi odula, ndipo mafaelo amachedwa miyezi. Komabe amai athu a mu 1970 analibe ngakhale khomo loti nkugogodapo.

Azibambo athu amene mukuŵerenga nafe magaziniyi, mau otsalaŵa ndi anu. Ambiri mumati kulemba wilo ndi kudziitanira imfa. Koma timagula malata mvula isanagwe, ndipo palibe amene amati taitana mvula. Wilo siifuna Chingerezi ai. Ingathe kulembedwa m'Chicheŵa. Munthu wa zaka 18 kapena kuposa, wa mutu wabwino, alembe chimene ali nacho ndi amene akufuna kuti adzalandire, asaine pamaso pa mboni ziŵiri zili pamodzi, ndipo mbonizo zisainenso iye akuona. Ndi bwino kuti mbonizo zisakhale anthu odzalandira chumacho. Pepalalo lingasungidwe kwa a DC kapena kukhoti, ndipo mkazi adziŵe kumene lili. Pamodzi nalo sungani mtchatho wa ukwati, makalata a malo ndi a nyumba, ndi malisiti a katundu wamkulu. Ngati nyumba munamanga aŵiri, maina onse aŵiri alembedwe. Nafenso amai tilembe zathu, pakuti mbuzi, makina osokera ndi masheya a ku banki mkhonde nazonso ndi chuma chimene abale athu angadzalimbirane ndi ana athu.